Nyuzipepala ya 1993 ndi mitengo isanu ya mango ya ku Mbungo

Alimi anzanga, sabata ino ndikulemberani zimene ndinaona ndi maso anga ku Mbungo, pa chilumba cha Likoma. Ndinapita kumeneko pa ntchito yanga ya masiku onse, yoyendera minda ya chinangwa ndi kuona matenda amene akuvuta. Koma zimene ndinalemba m'kope langa pobwerera si za chinangwa chokha ayi. Muli nkhani ya chitini, nyuzipepala yakale, ndi mitengo isanu ya mango.

Amene adafikako ku Likoma akudziwa kuti malowa si a mlimi waulesi. Chilumbachi n'chaching'ono, dothi lake ndi lamchenga ndi miyala, ndipo paliponse pamene mungayang'ane pali milambe. Pa kalembera wa 2018, boma la Likoma, kuphatikizapo Chizumulu, lidapezeka ndi anthu oposa 14,000. Chimanga chambiri chimene anthuwa amadya chimabwera pa madzi, kuchokera ku Nkhata Bay kapena tsidya lina ku Mozambique. Chimene chimasunga mabanja ndi nsomba ndi chinangwa cha kondowole. Choncho munthu wa kumeneko akapeza ndalama, funso loti aziike pati si lamasewera.

Chitini cha m'denga

Ndinafikira pakhomo pa agogo ena aakazi amene amuna awo adamwalira kalekale. Tsiku lachitatu, titabwerako ku munda, agogowo anatuma mdzukulu wawo kuti atenge chitini m'chipinda. Chinali chitini chakale cha mkaka wa ufa, chadzimbiri. Anachipeza pamene ankasasula denga la nyumba yakale kuti aikepo malata.

"Alangizi, inu mudapita kusukulu," anatero agogowo. "Tandiuzeni, kodi izi zingagulebe kanthu?"

M'chitinimo munali ndalama za pepala zokhala ndi nkhope ya Kamuzu, ma K10 ndi ma K20. Tinawerenga pamodzi ndipo zinakwana K600. Zinali zokulungidwa bwinobwino m'tsamba la nyuzipepala limene linali litasanduka lachikasu. Pamwamba pake tsiku linkaonekabe: inali ya mwezi wa Juni 1993, sabata ya riferendamu.

Agogo anandifotokozera mmene zidakhalira. Chaka chimenecho amuna awo adali ndi mantha aakulu. Iwo adaona ndi maso awo zimene nkhondo idachita tsidya lina la nyanja, chifukwa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique ankafika pa chilumbachi pa mabwato. Nkhondoyo inali itangotha kumene, pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Tsono atamva kuti kuno kwathu kukubwera matipate, adati nafenso tilowa m'moto womwewo. Adagulitsa mbuzi 6 ndi bwato lawo, nati ndalama n'zosavuta kuthawa nazo kusiyana ndi ziweto. Ndalamazo adazibisa osauza munthu malo ake. Patapita zaka zochepa adadwala mwadzidzidzi n'kumwalira, chinsinsi chili m'mimba.

Ndinavutika kuwayankha agogowo, koma bodza silikanathandiza. Ndinawauza kuti ndalamazo zidasiya kugwira ntchito kalekale, ndipo ngakhale zikanakhala kuti zikugwirabe, K600 lero singagule ndi mbale imodzi yomwe ya nsima ya pa msika. Anangoseka pang'ono, n'kuloza kunja kumene ana ankatola mango. "Basi, chuma changa ndi icho," anatero.

Zimene tsamba lija linkakamba

Usiku ndinaliwerenga tsamba lija pa kuwala kwa tochi. Nthawi imene lidasindikizidwa ine ndinali ndisanayambe n'komwe sukulu. Nkhani yonse inali ya voti ya pa 14 Juni 1993, pamene Amalawi adasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo oposa 60 pa 100 alionse adasankha nyali, kutanthauza ulamuliro wa zipani zambiri. Inali nkhani yaikulu zedi, ndipo palibe angatsutse kuti idasintha dziko lino. Nyuzipepala zoima pazokha ngati ino imene mwagwirayi zidachuluka chifukwa cha mphepo yomweyo.

Mantha a malemu aja sadali opanda maziko. Mu Disembala 1993 asilikali adalanda zida za a Payoniya pa zimene zidatchedwa Operation Bwezani, mfuti zidalira m'mizinda, ndipo ena mwa a Payoniyawo adathawira ku Mozambique. Koma nkhondo imene iwo ankaiopa sidabwere. Pa 17 Meyi 1994 anthu adavota mwamtendere, a Bakili Muluzi adapambana, ndipo Kamuzu adavomereza.

Chimene chidadya chuma cha banja lija chidali china, chimene pa tsamba lonse lija panalibe ndi mzere umodzi womwe wochitchula. Mu Febuluwale 1994 boma lidaisiya kwacha kuti mtengo wake uzidziwika ndi msika. Mu 1993 dola imodzi ya ku America inkagulidwa ndi ndalama zosafika K5. Pofika kumapeto kwa 1994 inali pa K15. Mu 1995 mitengo ya zinthu idakwera ndi 80 pa 100 iliyonse ndi kupitirira apo, m'chaka chimodzi chokha.

Tiyeni tiwerengere limodzi K600 ija. Tsiku limene inkalowa m'chitini inali yofanana ndi madola oposa 130. Pakutha pa 1994 inali madola 40. Pa 7 Meyi 2012, pamene kwacha idagwetsedwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola, inali itatsala madola awiri ndi kanthu kochepa. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwanso ndi 44 pa 100 iliyonse mpaka pafupifupi K1,700 pa dola, K600 sinkakwana ngakhale theka la dola imodzi. Palibe mbala imene idalowa m'nyumba. Chiswe sichidadye ndi pepala limodzi lomwe. Koma mbuzi 6 ndi bwato zidathera m'chitinimo.

Zimene agogo adachita chaka chomwecho

Pamene amuna awo ankagulitsa mbuzi, agogo adakaniza imodzi yaikazi, nati imeneyo adapatsidwa ndi mayi awo. Ndiponso mvula itayamba kumapeto kwa 1993, adadzala nthangala za mango kuseri kwa nyumba ndi m'malire a munda. Akuti adadzala zisanu ndi zinayi. Zina mbuzi zidadya, zina zidauma ndi dzuwa la Okutobala, koma zisanu zidakula. Ankazitchingira ndi minga, ndipo nthawi ya chilimwe ankazithirira ndi madzi otsukira mbale.

Mango a nthangala amachedwa, amatenga zaka zisanu kapena kupitirira kuti ayambe kubala. Choncho pa zaka zonse zimene anthu ankakangana za zipani, mitengoyo sinkapereka kanthu. Koma chiyambire kubala sidaleke. Chaka ndi chaka imapsa m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, nthawi imene chakudya chimayamba kuchepa m'nyumba. Ana amadya, ena agogo amagulitsa, ena amasinthanitsa ndi usipa kwa asodzi. Ndipo taonani chinthu ichi: kwacha ikagwa, mtengo wa mango pa msika umakwera nawo. Mtengo wa mango sudziwa kuti dola ili pa zingati. Umangobala mango, ndipo mango amagulidwa pa mtengo wa chaka chimenecho.

Mbuzi ija nayo idachita zake. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, ndipo ikamadya bwino imatha kuswa katatu pa zaka ziwiri. Agogo sadakhalepo ndi khola lalikulu, chifukwa pa Likoma malo odyetsera ndi ochepa, ndipo mbuzi zikachuluka milandu ya chinangwa cha eni ake imachulukanso. Amasunga zinayi kapena zisanu, zotsalazo amagulitsa. Akuti fizi ya ana awiri ku sekondale idachokera m'kholamo, ndipo ena mwa malata amene ankafolera tsiku limene chitini chinapezeka adagulidwa ndi zidzukulu za mbuzi yomweyo.

Nkhani yaing'ono imene idapulumutsa chinangwa

Pali chitsanzo china chimene ife a zaulimi timachikumbuka. Chapakati pa zaka za m'ma 1980, tizilombo ta kodikodi tidaononga chinangwa m'mbali mwa nyanja, makamaka ku Nkhata Bay, ndipo mabanja odalira kondowole adagona ndi njala. Tizilomboti tidachokera ku South America. Akatswiri a bungwe la IITA, limene likulu lake lili ku Ibadan m'dziko la Nigeria, adakatenga kamavu kakang'ono kwambiri komweko ku South America, kamene kamaikira mazira m'thupi mwa kodikodi n'kumupha. Adakamwaza m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Mkulu wa ntchitoyi, Hans Herren, adalandira mphotho ya World Food Prize mu 1995.

Kodi ndi angati mwa ife amene adamvapo za kamavu kameneka? Sikadachititse msonkhano, sikadavinidwe ndi amayi. Koma aliyense amene akukumba chinangwa lero m'mbali mwa nyanja akudya phindu lake. Nkhani imene imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa tsamba loyamba ndi imene imakhudza mtima tsiku limenelo. Imene imadzaza nkhokwe pakatha zaka 30 kawirikawiri imakhala kumapeto, pafupi ndi zamasewera, mwinanso siilembedwa n'komwe.

Mdzukulu ndi nkhani ya masheya

Chimene chinachititsa agogo kutulutsa chitini sichinali chidwi chabe. Mdzukulu wawo, mnyamata wa zaka za m'ma 20, amagula usipa kwa asodzi, kuumitsa pa thandala, n'kukagulitsa kumtunda. Nyengo imeneyo malonda anamuyendera, ndipo anali ndi K900,000 m'manja. Iye anamva pa wailesi kuti anthu a m'tauni akulemera ndi masheya, ndiye ankafuna kuika ndalama zonse kumeneko. Agogo ankati agule mbuzi. Nkhaniyo inali itavuta pakhomopo kwa sabata ziwiri.

"Achimwene, inu mumakhala kumtunda," anatero mnyamatayo. "Kodi masheyawa ndi chiyani kwenikweni? Si juga?"

Ndinamuyankha ndi chitsanzo chimene amachidziwa. Anthu anayi akasonkherana kugula chilimira ndi injini, aliyense amakhala ndi gawo lake. Nsomba zikaphedwa, amachotsa za mafuta ndi za anyamata ogwira ntchito, zotsalazo amagawana molingana ndi zimene aliyense adasonkha. Wina akafuna kutuluka amagulitsa gawo lake, ndipo mtengo wa gawolo umadalira mmene khokalo likuphera. Sheya ndi gawo lotero, koma la kampani yaikulu. Phindu limene kampani imagawira eni masheya amalitcha dividendi.

Msika wa masheya wa dziko lino, Malawi Stock Exchange, uli ku Blantyre. Kampani yoyamba kugulitsa masheya ake pamenepo idali ya inshuwalansi ya NICO, mu Novembala 1996. Mu 1997 idalowa kampani ya shuga ya ku Nchalo ndi Dwangwa, imene pa nthawiyo inkatchedwa Sucoma, kenaka n'kukhala Illovo. Press Corporation idalowa mu 1998, National Bank mu 2000, TNM mu 2008, ndipo Airtel ndi FDH Bank zidalowa mu 2020. Pofika 2024 makampani onse pa msikawo adali asanakwane 20. Ndi msika waung'ono, koma ndi weniweni, ndipo umayang'aniridwa ndi Reserve Bank.

Zimene mnyamatayo anamva pa wailesi zinali zoona. Mu 2023 mitengo ya masheya onse pamodzi idakwera ndi 70 pa 100 iliyonse ndi kupitirira, ndipo mu 2024 idakweranso ndi oposa 50 pa 100 iliyonse, kuposa mmene mitengo ya zinthu m'sitolo idakwerera zaka zimenezo. Sheya ya FDH Bank, imene idagulitsidwa pa K10 mu 2020, inali itapitirira K100 pakutha pa 2024.

Koma wailesi sinamuuze za zaka zowuma. Amene adagula masheya a TNM pa K2 mu 2008 adadikira zaka zingapo mtengo ukungozungulira pomwepo, nthawi zina kutsikirako, kwinaku kwacha ikugwa. Amene adatopa n'kugulitsa adaluza. Amene adapirira adadzakolola pambuyo pake. Ndipo phindu lalikulu kawirikawiri amalipeza ndi amene adagula nthawi imene palibe ankakamba za masheya. Nkhani ikafika pa wailesi mpaka kumveka ku Mbungo, dziwani kuti mtengo wakwera kale.

Tsiku limene New York idalira

Maiko amene akhala ndi misika yotere kwa zaka zambiri ali ndi phunziro lomwelo. Lolemba pa 19 Okutobala 1987, mitengo ya masheya a makampani akuluakulu ku New York idagwa ndi 22 pa 100 iliyonse tsiku limodzi lokha. Nyuzipepala za dziko lonse lapansi zidadzaza ndi nkhaniyo, ndipo anthu ambiri adagulitsa masheya awo mwamantha pa mtengo wolira. Pasanathe zaka ziwiri mitengo idabwerera pamene inali. Muyeso wa msikawo wotchedwa Dow Jones, umene tsiku limenelo udatsekera pa 1,738, udapitirira 40,000 mu 2024. Amene adagulitsa chifukwa cha nkhani ya tsikulo adachita chimodzimodzi ndi malemu a ku Mbungo aja: adasinthanitsa chinthu chobala ndi mapepala, chifukwa cha mantha a tsiku limodzi.

Kudikira si mankhwala a zonse

Ndingakhale wabodza nditakuuzani kuti chilichonse chimene mungachisunge nthawi yaitali chidzakupindulirani. Ku Japan mitengo ya masheya idafika pamwamba mu Disembala 1989, kenaka idagwa, ndipo sidabwererenso pamenepo mpaka Febuluwale 2024. Zimenezo ndi zaka 34. Munthu amene adagula pa nthawi ya chisangalalo ali ndi zaka 40 adadikira mpaka kukalamba.

Abale athu ambiri, a ku Likoma omwe, adagwira ntchito ku Zimbabwe moyo wawo wonse, akudalira penshoni ndi ndalama za ku banki. Mu 2008 ndalama ya dzikolo idagwa kwambiri, mpaka mu Januwale 2009 boma lidafika potulutsa pepala limodzi la madola 100 thiriliyoni, ndipo thukuta la zaka zambiri lidasanduka chabe. Iwo sadalakwe kusunga. Vuto lidali lakuti zonse zidali mu mtundu umodzi wa chuma.

Ngakhale mitengo imatha kukhumudwitsa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, bungwe la boma la Britain lidadzala minda ikuluikulu ya mitengo ya tung ku Viphya, pofuna mafuta opangira penti, ndipo tauni ya Mzuzu idakulira pa ntchito imeneyo. Mafakitale atapeza mafuta ena opangidwa ndi makina, msika wa tung udafa. Mitengo idakula, koma wogula adasowa. Kusiyana kwake ndi mango a agogo n'kwakuti mango akasowa wogula ana amadya.

Nyanja yomweyi imatiphunzitsa kusakhulupirira zimene taona pa zaka zochepa. Kuyambira 1915 mpaka 1935 madzi adatsika kwambiri kotero kuti mtsinje wa Shire udaleka kutuluka m'nyanja. Mu 2024 adakwera kuposa mmene adachitira pa zaka zambiri, n'kumiza nyumba ndi minda m'mbali mwa nyanja. Amene akudzala mtengo woti udzakhale zaka 50 asaudzale pamene mafunde a chaka chino alekezera.

Zimene tinagwirizana pansi pa mtengo wa mango

Ine sindine wogulitsa masheya, ndine wa zaulimi, ndipo ndinamuuza mnyamatayo zomwezo. Koma tinakhala pansi atatu, agogo, iye ndi ine, n'kuigawa ndalama ija pa pepala.

Choyamba, mpamba wa usipa usakhudzidwe. Ndiwo munda wake, ndipo ndi umene wabala ndalama zimenezi. Munthu sagulitsa khasu kuti agule nkhokwe. Tinapatula yoposa theka kuti ibwerere ku malonda.

Chachiwiri, chakudya. Munda wa agogo unali ndi matenda awiri amene ndimawaona kawirikawiri m'mbali mwa nyanja: aja opiringiza masamba n'kuwachititsa mawanga achikasu, ndi aja oola mkati mwa chinangwa, amene mumawadziwa pokhapokha mwadula n'kupeza zofiirira zolimba. Onsewa amayenda ndi mbewu. Tinagwirizana kuti afunse alangizi a boma za mbewu yopanda matenda, monga imene imachokera ku malo a kafukufuku a Mkondezi ku Nkhata Bay. Adule zidutswa zotalika masentimita 25 mpaka 30 kuchokera ku mitengo yokhwima, adzale pa mizere yotalikirana masentimita 90, ndipo chomera chilichonse chooneka chodwala achizule msanga. Chinangwa ndi banki ya m'nthaka: chimadikira mwini wake, ndipo kugwa kwa kwacha sikuchikhudza.

Chachitatu, mitengo. Mango a agogo akukalamba ndipo onse amapsa nthawi imodzi, pamene mtengo pa msika uli pansi. Ndinamulangiza kuti agule mbande zomezanitsa za mitundu monga Kent ndi Keitt, imene imapsa mochedwa mango a makolo atatha, ndipo imayamba kubala pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Pa dothi la miyala ngati la ku Mbungo dzenje likhale lalikulu, masentimita 90 m'lifupi ndi kuya komwe ngati mwala walola, ndipo dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa a mbuzi owolerana. Mitengo italikirane mamita 9 kapena 10. Mphukira zonse zotuluka m'munsi mwa pamene adalumikiza azichotse. Koposa zonse, mpanda uyambe kumangidwa mbande isanafike, chifukwa mbuzi imatha ntchito ya chaka chonse pa mphindi zisanu.

Chachinayi, agogo anapambana pang'ono: mbuzi imodzi yaikazi yochokera ku khola lina, kuti magazi asinthe.

Chotsala, chimene chinali chosakwana gawo limodzi mwa magawo asanu, ndicho tinati angathe kuyesa nacho masheya ngati mtima wake ukufunabe. Koma ndinamupatsa malamulo. Ikhale ndalama imene sadzaifuna kwa zaka zisanu kapena khumi, ngakhale kutagwa maliro. Agule kudzera kwa makampani ololedwa ndi Reserve Bank kuchita ntchitoyi, monga Stockbrokers Malawi, ndipo akhale ndi chiphaso cha unzika, akaunti ya ku banki ya dzina lake, ndi mapepala osonyeza kuti masheyawo alembedwa m'dzina lake. Asapereke ndalama kwa munthu woyenda ndi chikwama kapena wa pa foni amene akulonjeza kuti ndalama ibereka kawiri pa mwezi. Kampani yoona silonjeza phindu, monganso mwini khoka woona salonjeza kuti mawa kuphedwa nsomba zingati. Asaike zonse pa kampani imodzi. Ndipo akamva pa wailesi kuti mitengo yagwa, asathamangire kugulitsa. Ayambe wafunsa ngati kampaniyo ikugwirabe ntchito ndi kupeza phindu.

Lamulo lomaliza anapereka ndi agogo, ndipo linaposa anga onse. "Chilichonse ukabisa, uuzeko munthu mmodzi," anatero. "Agogo ako akanandiuza, bwenzi nditagula mbuzi zina chaka chomwecho."

Kwa inu amene mwagula nyuzipepala ino

Sindikunena kuti muleke kuwerenga nkhani za pa tsamba loyamba. Mlimi ayenera kudziwa zimene zikuchitika m'dziko, ndipo nkhani zina, monga za kugwa kwa kwacha, mtengo wa feteleza ndi kabweredwe ka mvula, zimalowa m'thumba mwake mwachindunji. Chimene ndikupempha n'chakuti mukawerenga nkhani yoopsa kapena yosangalatsa kwambiri, musagulitse ng'ombe tsiku lomwelo. Gonani kaye. Dzifunseni ngati nkhaniyo isinthe kabalidwe ka munda wanu, khola lanu kapena malonda anu pa zaka khumi zikubwerazi. Ngati yankho ndi ayi, pindani nyuzipepalayo mubwerere ku munda.

Ndipo ngati pali ndalama imene mwaisunga m'chitini, pansi pa mphasa kapena m'denga, yoposa imene mungaifune pa matenda ndi zadzidzidzi, itulutseni sabata ino muiwerenge. Ganizirani zimene ikanagula tsiku limene mudaiika, ndi zimene ingagule lero. Kenaka muisandutse chinthu chimene chimabala: mbande, msoti, mbewu yabwino, mpamba wa geni, kapena gawo m'kampani ngati mwaimvetsa bwino. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsiku lonyamuka agogo anandipatsa mango odzaza jumbo ndi pepala limodzi la K10 la m'chitini muja, ati ndizikaonetsa alimi kumene ndikupita. Tsamba la nyuzipepala anakana kundipatsa. Anati akulungiramo mbewu ya nkhwani, poti mvula yayandikira.